Ana akasiya kuyankha kuti “tili tonse”

Mwezi wathawu ndinapita ku kamsonkhano ka anthu okonda zolembalemba kuno ku Lilongwe. Pa nthawi ya tiyi, bambo ena achikulire, amene ndakatulo zawo ndakhala ndikuwerenga kuyambira ndili mnyamata, anandifunsa chimene ndikulemba masiku ano. Ndinawauza mosabisa kuti ndili pa kabuku ka ana a Sitandade 2, nkhani ya mbuzi imene inadula chingwe tsiku la msika. Anamwetulira, nandigwira paphewa, nati, “Zabwino zimenezo aphunzitsi. Nanga buku lenileni mudzalemba liti?”

Sikuti ankandinyoza ayi. Ankandifunira zabwino ndithu. Kwa iwo ndinali ngati mmisiri wodziwa kukhoma denga amene wangokhalira kusema zipande. Ndinangoti, “Tidzaona bambo,” koma mawu aja ndinakwera nawo minibasi, ndinagona nawo, ndipo mpaka lero sanandichoke mumtima. Chimene chikundiwawa n’chakuti maganizo amenewa si a bambo aja okha. Ali mwa aphunzitsi, mwa makolo, mwa osindikiza mabuku, ngakhale mwa alembi eniake. Timaona buku la ana ngati kanthu kongodutsirapo, ntchito ya munthu amene akuphunzira kumene kulemba kapena amene zazikulu zamukanika. Tsono mmene munthu amaonera chinthu ndi mmenenso amachipangira. Mukatenga mabuku ambiri amene ana athu akuwerenga m’Chichewa n’kuwayang’anitsitsa, mudzaona nokha kuti anadutsa m’manja mwa anthu amene sankayembekeza kuti wina adzawafunsa kanthu.

Ine nkhani yoyamba kundigwira mtima sindinachite kuwerenga, ndinaimva ndi makutu. Ndinakulira kumudzi m’boma la Dowa, pakhomo pa agogo anga aakazi obala mayi. Tikatha kukolola, madzulo tinkasonkhana kutonola chimanga, moto uli pakati, mbatata zili m’phulusa. Masana nthano sankalola, ankati n’zausiku. Agogo akangoti “Padangokhala,” tonse tinkavomera, “Tili tonse!” Ndipo kuvomerako sikunali kwa kamodzi. Agogo akapuma mpweya, ife “tili tonse,” akapumanso, ife “tili tonse,” mpaka nthano kutha.

Chaka chimene ndinali Sitandade 2, mlongo wanga wamng’ono anamwalira ndi chikuku. Anali asanakwanitse zaka 3. Masiku amenewo ana sankatiuza kanthu za imfa. Anatisonkhanitsa m’nyumba ya amayi aakulu kumapeto kwa mudzi, ndipo tinkangomva nyimbo ndi kulira chapatali. Titabwerera kwathu tinapeza kamphasa kake katapindidwa n’kuikidwa pamwamba, ndipo palibe amene anatchulanso dzina lake. Ndikafunsa, mayi ankangoyang’ana kumbali n’kundituma kanthu.

Patadutsa masabata angapo, agogo anatikambira ya Kamdothi. Ambiri mukuidziwa. Mayi wina wopanda mwana anaumba mwana ndi dothi, mwanayo nakhala wamoyo, wothamanga ndi kusewera ngati anzake onse. Mdani wake anali mmodzi, mvula. Kumwamba kukangoda, mayi ankaima pakhomo n’kuimba nyimbo yomuitana, mwana n’kuliyatsa liwiro kulowa m’nyumba madontho oyamba asanagwe. Zinkatero nthawi ndi nthawi. Koma tsiku lina masewera anamutengera kutali. Mayi anaimba, mwana anamva, anathamanga, mvula inamupeza m’njira. Anayamba kusungunuka akuthamangabe, mayi ake akumuona chapatali, akuimbabe.

Nthanoyi ndinali nditaimvapo kale kangapo. Koma usiku umenewo agogo anaikamba mwamtundu wina. Pofika pa nyimbo yomaliza mawu awo anatsika, nyimbo anaikoka pang’onopang’ono, ndipo ife ovomera tinkangonong’ona. Mayi anga anali atakhala chakumdima pakhonde, chitsononkho chili m’manja, osatonolanso. Nthano itatha panali zii. Agogo sanafotokoze phunziro lililonse. Anangoti, “Kaphuleni mbatata,” ife n’kuyankha kuti zapserera monga mwa masiku onse, koma palibe anaseka. Usiku umenewo ndinalira koyamba chichitikireni maliro aja. Ndinali nditamvetsa chinthu chimene palibe wamkulu akanatha kundiuza maso ndi maso: kuti mayi anaitana, mwana anathamanga, ndipo panalibe wolakwa.

Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo m’Malawi muno, 234 ankamwalira asanafike zaka 5. Ndiye kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse. Pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerochi chinali chitatsika kufika pa 63, koma m’masiku a ubwana wanga chinali choposa ngakhale cha 1992 chija. Mwana aliyense amene ankakhala nafe pamoto paja anali ataonapo kamphasa kopindidwa, ngati si kwawo ndiye kwa anansi. Makolo athu ankadziwa zimenezi, ndipo anali ndi nthano yoyenera mwana wotere, yokhala ndi nyimbo yoti aimbe nawo kuti chisoni chisamukhalire pakhosi. Ndawerengapo mabuku a akuluakulu okamba za imfa, ena okoma kwambiri, ena ndinalira nawo. Palibe limene linandigwirira ntchito yoposa imene nthano ya ana ija inagwira m’mphindi khumi. Tsono wina akandiuza kuti za ana si zenizeni, ndimafuna andiuze kuti zenizenizo ndi zotani.

Mawu akuti “tili tonse” aja ndi oyenera kuwaganizira bwino, chifukwa ndi muyeso wa luso umene anthu athu anaupeza kalekale. Wokamba nthano akayamba kuzungulirazungulira, kapena kuiwala pamene anasiyira, kapena kulowetsamo ulaliki, mavume amayamba kuchepa. Poyamba amayankha onse, kenako atatu, kenako mmodzi wa ulemu, kwinaku ena ayamba kutsinana, wina wagona chokhala. Wokambayo amadziwa nthawi yomweyo kuti nkhani yamufera m’manja. Munthu wamkulu angathe kulimbana ndi buku lotopetsa mpaka tsamba lomaliza chifukwa wamva kuti wolemba wake ndi pulofesa, kapena chifukwa bukulo lili pa mayeso, kapena poopa kuoneka mbuli pakati pa anzake. Mwana alibe manyazi amenewo. Dzina la wolemba sakulidziwa, za mphotho sanamvepo. Nkhani ikazizira amangoimirira n’kupita kukasewera phada kapena mpira wachikulunga, osatsanzika.

Zimenezi ndinadzazionera pafupi nditayamba uphunzitsi. Mu 1994 boma litachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira ku sukulu, chiwerengero chawo n’kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m’ma 3 miliyoni m’chaka chimodzi. Panafunika aphunzitsi mwamsanga, ndipo analemba anthu masauzande ambiri amene tinali tisanapondeko ku koleji. Ine ndinali mmodzi wa iwo. Tinaphunzira kwa masabata ochepa, n’kulandira choko. Maphunziro okwanira ndinadzachita pambuyo pake kudzera mu MIITEP, pulogalamu ya boma yophunzitsa aphunzitsi ali kale pa ntchito. Kalasi yanga yoyamba inali Sitandade 2, ana oposa 130, pansi pa mtengo wa kachere, bolodi litatsamira pa thunthu. Buku limodzi ankaunjikirana ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, ena akuliona chozondoka.

Ana angawo ankatha kuphatikiza malembo. Ma, me, mi, mo, mu ankaimba bwinobwino. Chimene chinkasowa n’choti awerenge akatha kuimbako. Ndinayamba kupempha makatoni kwa bambo wa golosale pamsika, kuwadula ndi mpeni, n’kumalembapo tinkhani ndi malembo akuluakulu. Katoni yanga yoyamba ndimaikumbukira bwino. Ndinalemba kuti: “Mwana wabwino amasamba m’mawa. Mwana wabwino amamvera makolo.” Anawerenga onse pamodzi mokweza, nkhope zili ndwii, ndipo nditatsitsa katoni palibe anakumbukira chimene anawerenga. Panalibe chofunsa, panalibe choyembekezera.

Ndinakhala pansi usiku pa koloboyi n’kuganiza. Mwana wa msinkhu umenewu mawu onga “nkhwangwa,” “ntchentche” kapena “mphwanga” amamupunthwitsa, chifukwa maphatikizo amene ali nawo m’manja ndi a malembo awiri okha. Ndiye wolemba uli ngati munthu womanga nyumba ndi njerwa makumi awiri. Koma ndinazindikira chinthu chimene chinandisangalatsa: nyama zathu zambiri za m’nthano zili ndi mayina osavuta kuphatikiza. Kalulu, fulu, fisi, galu, buluzi, onsewa mwana amawagwira mosavuta. Njovu ndi mkango akhoza kudikira teremu yachitatu. Mmawa mwake ndinakweza katoni ina yolembedwa kuti: “Fulu wataya ufa. Fisi waona. Fulu wabisala.” Mawu asanu ndi awiri basi. Anawerenga, kenako panali kachetechete, ndipo kamnyamata kena kakumbuyo kanakweza dzanja. “Aphunzitsi, ufawo unali wa ndani?” Wina anayankha kuti wa fisi, wina anati ayi, wa apongozi ake a fulu, ndipo kalasi yonse inabuka mkangano. Ankafuna katoni yachiwiri tsiku lomwelo.

Mawu asanu ndi awiri amenewo anandidyera usiku wonse. Ndalembapo nkhani zazifupi za akuluakulu, ndalembapo malipoti ndi maulaliki a ku mpingo, koma sindinavutikepo ndi mawu amodziamodzi ngati mmene ndinkavutikira pa makatoni aja. Polembera wamkulu, pamene nkhani yafooka ungathe kuphimba ndi mawu okuluwika kapena chiganizo chachitali chokoma m’khutu. Polembera mwana wa zaka 7 ulibe pobisala. Chiganizo chilichonse chiyenera kukhala chowerengeka kwa munthu amene akutsata malembo ndi chala, chomveka ngati Chichewa cha kunyumba, komanso chokoka mwana kuti afune chotsatira. Zitatu zonsezi nthawi imodzi.

Panali kamtsikana kena m’kalasimo kamene sikankayankhula konse. Tsiku lina katoni ya fulu inasowa. Mmawa wotsatira ndinakaona kakuitulutsa m’jumbo mwake mwakabisira, itapindikapindika, ngodya imodzi itanyowa. Ndinafunsa mofatsa chimene anaitengera. Anayang’ana pansi nati, “Ndimakawerengera agogo.” Kwawo kunalibe pepala lina lililonse lolembedwa nkhani.

Apa m’pamene pagona nkhani yathu ya kuno, yosiyana ndi ya maiko amene masitolo a mabuku ali pa ngodya iliyonse. Ana ambiri amene amayamba Sitandade 1 m’dziko muno safika ku sekondale. M’nyumba zambiri mabuku amene mungapeze ndi Baibulo ndi buku la nyimbo, kapena Korani, mwinanso kabuku ka kusikelo. Kwa anthu ochuluka zedi, tinkhani timene anawerenga ku pulayimale ndi nkhani zolembedwa zokhazo zimene adzawerenge m’Chichewa moyo wawo wonse. Funsani munthu wa msinkhu wanga za Timve ndi Tsala, ana a m’mabuku athu akale a ku pulayimale, muona nkhope ikuwala, kaya ndi dalaivala, kaya ndi namwino, kaya ndi mlimi wa fodya. Mufunseni tsono dzina la amene analemba, ambiri angokhala kakasi. Palibe buku la nkhani la akuluakulu limene linalowa m’mitima ya Amalawi ochuluka chotero, koma tikamawerenga mayina a alembi athu otchuka, olemba mabuku a kalasi sawerengedwa n’komwe.

Ndiponso taganizani za chiyankhulo chenichenicho. Kuyambira 1968, pamene Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, mwana wa ku Karonga, wa ku Mangochi kapena wa ku Nsanje, amene kunyumba amayankhula china, Chichewa cholembedwa amakumana nacho koyamba m’buku la ana. Chiganizo chopotoka chikalowa m’buku la akuluakulu chimaonedwa ndi anthu ochepa amene amadziwa kale kusiyanitsa. Chikalowa m’buku la Sitandade 1 chimawerengedwa ndi ana masauzande mazanamazana, mokweza, mobwerezabwereza, mpaka chimakhazikika ngati Chichewa cholondola.

Ndikunena izi chifukwa cha zimene ndinaona posachedwa m’nyumba mwanga momwe. Mdzukulu wanga wa zaka 7 anabwera ndi buku limene analandira kuchokera ku bungwe lina. Linali lokongola, pepala lolimba lonyezimira, zithunzi zamitundumitundu, zinthu zimene ana anga a pansi pa kachere sakanazilota. Magetsi anali atazima, choncho tinakhala pa mkeka, ine nditagwira tochi ya foni, iye akuwerenga. Chiganizo choyamba chinali chakuti, “Tsiku limodzi Kalulu anali kuyenda m’nkhalango.” Mwana anaima, nandiyang’ana.

“Agogo, tsiku limodzi lokha? Masiku enawo samayenda?”

Ndinamuuza kuti ankafuna kunena kuti tsiku lina. Tinapitiriza. Patsamba lachitatu panali pakuti, “Iye anatenga dengu lake ndipo iye anapita kwa amayi ake ndipo iye anati kwa iwo.” Mwana anafunsa kuti iye ameneyu ndi ndani, Kalulu kapena mnzake uja. M’buku lonselo munalibe ngakhale mawu amodzi a mtundu umene umapatsa nthano zathu moyo. Kalulu sanatulukire balamanthu, sanakhale zyoli ndi manyazi, fumbi silinati mbuu. Zinali zoonekeratu kuti nkhaniyo inaganizidwa m’chiyankhulo china, wina n’kuisandutsa Chichewa mothamanga, mawu ndi mawu, ndipo palibe amene anaiwerenga mokweza pamaso pa mwana asanaisindikize. Patsamba lomaliza Kalulu anatembenukira kwa owerenga n’kuwalangiza kuti azisamba m’manja ndi sopo. Mdzukulu wanga anatseka buku n’kufunsa ngati magetsi ayaka msanga. Kuchikuto chakumbuyo kunali zizindikiro za mabungwe zisanu. Dzina la womasulira panalibe, ndipo la wojambula linali m’timalembo tofuna magalasi.

Kusamba m’manja sindikutsutsa. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m’dziko muno, ndipo uthenga umenewu ana ayenera kuumva. Koma pali kusiyana pakati pa nkhani ndi chikwangwani cha kuchipatala. Tikazolowetsa ana kuti nkhani iliyonse ndi shuga wokutira mankhwala, amaphunzira kulavula zonse pamodzi. Ndipo ndifunse: ndani angayerekeze kupereka kwa anthu akuluakulu buku lomasuliridwa mosasamala chotere, n’kuitanitsa atolankhani ku mwambo wolikhazikitsa? Angachite manyazi. Koma poti ndi la ana, timati sadziwa, bola zithunzi. Kunyoza kwenikweni kuli pamenepa, m’mawu akuti “bola.” Mayi wophika phala la mwana sanena kuti bola. Amasefa ufa kawiri, amatakasa kuti lisachite mibulu, amalawa, amauzira ndi kamwa lisanafike pa lilime la mwana. Kukhitchini timadziwa kuti cha mwana chimafuna dzanja losamala kuposa cha wamkulu, koma pa mabuku taiwala.

Alembi akuluakulu enieni sankaona ntchito imeneyi ngati yotsika. Ku Sweden, bungwe la aphunzitsi linapempha Selma Lagerlöf kuti alembe buku lophunzitsira ana a pulayimale za malo a dziko lawo. Mayiyu sanapeputse ntchitoyo. Anatha zaka akufufuza za zigawo za dzikolo, mbalame zake, nyama zake ndi nthano zake, kenako analemba nkhani ya mnyamata woyendera dziko lonse atakwera pamsana pa tsekwe. Inatuluka m’magawo awiri mu 1906 ndi 1907. Mu 1909 iye anakhala mayi woyamba kulandira mphotho ya Nobel ya zolembalemba, ndipo patapita zaka zambiri dziko lake linaika nkhope yake pa ndalama ya pepala ya 20 kronor, kuseri kwake kuli mnyamata uja pa tsekwe wake. Linali buku la m’kalasi, ngati la Timve ndi Tsala.

Chinua Achebe, amene aliyense wodutsa ku sekondale kuno anamvapo dzina lake, anafotokozapo mmene anayambira kulembera ana. Mwana wake wamkazi ali wamng’ono ku Lagos anayamba kunena zinthu zachilendo zokhudza khungu ndi mtundu wa anthu. Bamboyo atafufuza anapeza kuti gwero lake linali mabuku okongola ochokera kunja amene iwo eni makolo ankamugulira osawawerenga, mmene munthu wakuda ankaoneka wopepera ndi wokhulupirira zamatsenga. Anaona kuti nkhondo imene ankamenya m’mabuku a akuluakulu inali itamulowera kale m’nyumba kudzera pa shelefu ya mwana, ndipo mu 1966 anatulutsa buku lake loyamba la ana. Kwathu kuno Steve Chimombo, amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Chancellor College ndipo timamudziwa ndi ndakatulo zake zozama za Napolo, analemberanso ana, natenga nthano zathu zomwezi za pamoto. Munthu amene anathera moyo wake akufufuza luso la nthano za Amalawi ankadziwa kulemera kwake.

Ngakhale pa za mphotho, kumene bambo aja mwina amayang’ana, zinthu zinasintha kalekale kwina. Astrid Lindgren, mlembi wa mabuku a ana wa ku Sweden, atamwalira mu 2002, boma la Sweden linakhazikitsa mphotho ya mabuku a ana m’dzina lake, ya ndalama zokwana 5 miliyoni kronor chaka chilichonse. Mu 2015 mphothoyi inapita ku PRAESA, bungwe la ku Cape Town lolimbikitsa ana kuwerenga m’ziyankhulo zawo za kunyumba. Ndi anansi athu amenewa, ndipo ntchito imene analemekezedwa nayo ndi yomwe ija ya makatoni pansi pa kachere, yongochitika mwadongosolo.

Kunena zoona, bambo aja ali ndi mbali imene akulondola. Pali zinthu zimene buku la akuluakulu lokha lingasenze: banja lozizira pang’onopang’ono kwa zaka makumi awiri, munthu wogulitsa mnzake chifukwa cha udindo, chisoni cha nkhalamba yoona kuti inasankha molakwa ndipo nthawi yatha. Mwana sanakhale ndi moyo wokwanira kuti zimenezi zimulowe. Chichewa chikufunika mabuku otere, ndipo kuyambira pamene mlembi wa kwathu kuno Samuel Josia Ntara anapambana mpikisano wa zolemba za mu Africa mu 1933, mabuku a nkhani a m’chiyankhulo chathu sanachuluke mmene akanayenera. Ndingakondwe kuona ambiri. N’zoonanso kuti mabuku ena a ana ndi opanda pake, monga ndanenera kale, koma a akuluakulu opanda pake aliponso ambiri, ndipo palibe amati chifukwa cha iwo kulembera akuluakulu ndi ntchito yachibwana.

Anzanga ena pofuna kundithandiza pa mkanganowu amati: tizilemekeza mabuku a ana chifukwa ndiwo amabala owerenga a mawa, m’mera mpoyamba. N’zoona ndithu. Timadandaula tsiku ndi tsiku kuti Amalawi sakonda kuwerenga, ngati kuti munthu amadzuka ali ndi zaka 20 n’kuyamba kukonda mabuku popanda amene anamulawitsa ali wamng’ono. Komabe mfundo imeneyi siindikhutitsa, chifukwa imasandutsa buku la mwana kukhala makwerero okafikira ku buku lenileni lija. Imabwereranso kwa bambo aja podzera njira yakuseri. Mwana wa zaka 7 ndi munthu kale lero lino. Ali ndi mantha ake, nsanje yake, mafunso amene akuopa kufunsa, ndi zinthu zimene waona m’nyumba akuluakulu akuganiza kuti wagona. Agogo anga pokamba ya Kamdothi sankakonza wowerenga wa mawa. Pamaso pawo panali mwana amene mlongo wake wamwalira, ndi mayi wokhala kumdima, ndipo anawalankhula onse awiri usiku womwewo ndi nthano imodzi.

Ulemu umene ndikupempha si wa m’manja kapena wa satifiketi. Ndikufuna buku la ana likhale ndi mkonzi amene angakangane ndi wolemba ola lathunthu pa mawu amodzi, monga amachitira ndi ndakatulo. Womasulira akhale munthu amene Chichewa chimamuyenda m’magazi, apatsidwe nthawi, alipidwe, ndipo dzina lake lilembedwe poonekera pamodzi ndi la wojambula, chifukwa kwa mwana chithunzi ndi theka la nkhani. Nyuzipepala zathu zikamaunika mabuku, ziunikenso a ana, ndipo zisawanyengerere. Loipa linenedwe kuti ndi loipa, pakuti kuyamikira chilichonse ndi kunyoza komwe. A National Library Service anayesetsa ndi mabuku awo a Werengani, ndipo zaka zapitazi, mogwirizana ndi nthambi ya UNESCO ya m’dziko muno, anayenda m’maboma kujambula nthano kuchokera pakamwa pa agogo amene akadali moyo. Chuma chimenecho chilipo tsopano. Chikudikira alembi oti achigwire ndi manja awiri, osati kuchidula miyendo kuti chikwane m’masamba asanu ndi atatu n’kuchimata phunziro kumapeto.

Koposa zonse, buku la ana lisapite kokasindikiza lisanayesedwe pamaso pa ana. Ine ndinabwerera ku njira ya agogo. Loweruka masana ndimaitana ana a m’dera lathu, amakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ndipo ndinawaphunzitsa kuvomera monga tinkachitira kumudzi, ngakhale kuti ndikuphwanya lamulo la agogo lokamba nthano dzuwa lili pamutu. Ndikawerenga chiganizo, iwo “tili tonse.” Ine ndimagwira pensulo n’kumamvetsera pamene mavume afooka.

Loweruka lapitali ndinawawerengera ya mbuzi ija. Tsamba loyamba mbuzi ikudula chingwe, anavomera mwamphamvu. Lachiwiri ikugubuduza dengu la tomato la mayi wina, anaseka mpaka wina kugwa chagada. Lachitatu ndi lachinayi tinali tonse ndithu. Patsamba lachisanu, pamene mnyamata mwini mbuzi wakhala pansi pa mlatho poopa kubwerera kunyumba, ndinali nditalemba ziganizo zitatu zofotokoza kuti anazindikira kulakwa kwake ndipo anaganiza zokapepesa kwa bambo ake. Anavomera awiri okha. Mdzukulu wanga anayamba kujambula pansi ndi kamtengo. Ndinaima n’kufunsa chimene chavuta. Panapita kanthawi, kenako mnyamata wina wa Sitandade 3, amene amakhala ndi amalume ake kuseri kwa mpanda wathu, anati, “Agogo, iyeyo sakuganiza zopepesa. Akuganiza zoti kukada agona kuti.”

Ziganizo zitatu zija ndazifufuta. Tsamba lachisanu lili pa tebulo pano kuyambira Lamlungu, ndipo ndalembapo mawu anayi okha: “Dzuwa lalowa. Mlatho wazizira.” Loweruka likubwerali abweranso.